Yambani Mwayeza Pansi: Kusankha Loboti Yosesa ndi Kukolopa

Pakhomo lolowera kukhitchini m'nyumba zambiri pamakhala kasitepe kakang'ono, pomwe simenti ya pabalaza imakumana ndi matailosi amene anaikidwa pambuyo pake. Munthu amakadutsa osakaona n'komwe. Koma kasitepe kameneka kakangotalika masentimita 3, loboti yosesa imene mwaitayira ndalama zambiri imafika pamenepo, matayala n'kumazungulira pachabe, kenaka n'kubwerera, khitchini n'kumagona yosasesa tsiku ndi tsiku. Maloboti ambiri amakwera malo otalika pafupifupi masentimita 2 basi. Nambala imeneyi pakatoni imalembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono, mwinanso siilembedwa, chonsecho ndi imene ingagamule ngati makinawo adzakuthandizeni kapena adzangokhala pakona. N'chifukwa chake ndikuti wofuna loboti yosesa ndi kukolopa asathamangire kufunsa kuti yabwino koposa ndi iti. Ayambe wagwada m'nyumba mwake, tepi yoyezera ili m'manja, aone kuti pansipo mpotani, fumbi lolowa ndi lotani, zimene zimakhala mbwee pansi n'zotani, ndipo magetsi amayaka motani. Makinawa sathetsa ntchito ya pakhomo. Amaichepetsa n'kuisandutsa ina: kutaya zinyalala, kuchapa nsalu, kumasula tsitsi pa burashi, kusaka masipeya. Loboti yoyenera ndi imene ingayende m'nyumba mwanu mmene muliri leromu, n'kukusiyirani ntchito yoti inu muziikwanitsa.

Maloboti amene pa shelefu amaoneka ofanana, onse ozungulira ndi ophwatalala, mkati mwake ndi a mibadwo yosiyana, ndipo kusiyana kwakukulu kuli pa mmene amapezera njira. Kampani ya Electrolux ya ku Sweden inayamba kugulitsa loboti yake ya Trilobite mu 2001, koma imene inatchukitsa makinawa ndi Roomba, yomwe kampani ya iRobot ya ku America inatulutsa mu 2002 pa mtengo wa madola pafupifupi 200. Roomba yoyambayo sinkadziwa pamene ili. Inkangoyenda mpaka itagunda khoma kapena mwendo wa tebulo, n'kutembenuka kulowera kwina, ndipo ikayendayenda nthawi yaitali inkapezeka kuti yadutsa malo ambiri. Maloboti otchipitsitsa akuyendabe choncho mpaka pano. Mu 2010 kampani ya Neato inabweretsa kansanja kozungulira pamsana pa loboti, komwe kamaponya kuwala kwa laser mbali zonse n'kumayeza kutalikira kwa makoma ndi mipando, njira yotchedwa LiDAR. Nayo iRobot inasankha kamera, kuyambira pa Roomba 980 ya mu 2015, yomwe imazindikira malo poyang'ana zimene zili m'makoma ndi cha kudenga. Mu 2016 Xiaomi inatulutsa loboti ya LiDAR yopangidwa ndi Roborock pa mtengo wotsikirapo, ndipo m'zaka zotsatira makampani a ku China, monga Roborock, Ecovacs ndi Dreame, anafika potsogola pamsika.

Kwa munthu wokhala m'chipinda chimodzi chopanda katundu wambiri, loboti yongogundagunda ija ingamukwanire ndithu, ndipo palibe chomunyozera kuti wagula zachikale. Koma nyumba ikangokhala ya zipinda zitatu ndi kolido, makina otere amathera batire pabalaza osapeza khomo la kuchipinda, ndipo nthawi zina amafera panjira asanabwerere potchajira. Apa ndalama yoyamba yowonjezera ipite ku LiDAR, chisanabwere china chilichonse. Loboti yotere imajambula mapu a nyumba yonse paulendo woyamba, kenaka imasesa mizeremizere, chipinda ndi chipinda. Batire likatha imakatchaja n'kudzapitiriza pomwe inalekezera, ndipo pafoni mungaiikire malire kuti isafike pa mbale ya madzi a galu kapena kuseri kwa wailesi yakanema komwe kuli mawaya. Imayendanso mumdima, chinthu chomwe chimavuta loboti yodalira kamera yokha. Zofooka zake zilipo. Galasi lodziyang'anira lofika mpaka pansi limaipusitsa, imayesa kuti kuseriko kuli chipinda china. Ndipo kansanja kaja kamaitalikitsa kufika pafupifupi masentimita 10, moti kunsi kwa sofa kapena bedi komwe mpata wake ndi masentimita 9 silowako, pamene kumeneko ndi kumene fumbi limaunjikana ndipo tsache limavutika kufika. Yezani mipata imeneyi. Ngati ndi yaifupi, alipo maloboti atsopano obisa kansanjako kapena opanda kansanja n'komwe, otalika cha m'ma masentimita 8, koma mtengo wake ngwokwera, ndipo kawirikawiri kukweza miyendo ya sofa ndi timatabwa kumatchipa kuposa kukwera mtengo wa loboti.

Nambala imene otsatsa malonda amaikonda ndi ya mphamvu yokokera fumbi, yotsatidwa ndi zilembo za Pa. Loboti ya Xiaomi ya mu 2016 ija inali ya 1,800 Pa, pamene ena a masiku ano amalengezedwa kuti ndi a 20,000 Pa kapena kuposa. Wina angaganize kuti ndiye amasesa bwino kakhumi, koma si choncho. Nambalayi imanena za kukoka kwa mota mpweya utatsekeredwa, osati za zinyalala zomwe zachoka pansi, ndipo palibe muyezo umodzi umene makampani onse amatsata. Imakhalanso ya pa giya lomaliza, lomwe limatha batire msanga ndipo phokoso lake simungalipirire tsiku lililonse. Pa matailosi kapena simenti yosalala, fumbi, nyenyeswa za buledi ndi timpunga totayika sizifuna mphamvu yaikulu. Burashi ndi imene imazinyamula n'kuziponyera kukamwa kwa makina, mpweya n'kungomalizitsa. Loboti ya 3,000 kapena 4,000 Pa yoyenda mwadongosolo tsiku ndi tsiku imasiya pansi poyera kuposa yamphamvu imene yadumpha theka la chipinda. Mphamvuyo imayamba kuoneka phindu lake pa kapeti, pomwe dothi limabisala mkati mwa ubweya, ndi m'mizere yakuya ya pakati pa matailosi. Amene alibe kapeti asalipirire nambala imeneyi.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi burashi yakunsi, makamaka m'nyumba momwe muli tsitsi lalitali. Tembenuzani loboti imene yagwira ntchito mlungu umodzi pakhomo pa mayi ndi ana aakazi oluka tsitsi, muone: ulusi wa tsitsi loikirira umakhala utapiringizika pa burashi mpaka kumapeto komwe imazungulirira, utalimba moti umafuna lumo kapena sizasi. Ukasiyidwa, burashi imalemera kuzungulira ndipo mota yake imatentha. Burashi ya tiubweya tolimba imakola tsitsi kwambiri. Ya mphira yokhayokha imakola pang'ono ndipo kumasula kwake n'kosavuta, ndipo pali zina zatsopano zogawika pakati kuti tsitsi lizitsetserekera kukamwa. Kwa oweta galu kapena mphaka wa m'nyumba vuto ndi kuchuluka, pakuti kabokosi ka zinyalala ka m'loboti kawirikawiri sikafika theka la lita, ndipo ubweya umakadzaza ntchito isanathe. Apa m'pomwe siteshoni yodzikhuthulira yokha, imene iRobot inaitchukitsa mu 2018 ndi Roomba i7+, ili ndi phindu lenileni. Loboti ikabwerera, mota yaikulu ya m'siteshoni imakoka zinyalala zonse kulowa m'thumba la malita 2 kapena 3, lomwe limatenga masabata angapo kuti lidzaze. Koma matumbawo ngogula, ndipo m'nyumba yoyandikana ndi msewu wafumbi, mu Seputembala ndi Okutobala mawindo ali otsekula chifukwa cha kutentha, thumba limadzaza ndi sefa imatsekeka msanga kuposa mmene kabuku ka malangizo kakunenera.

Nkhani ya kukolopa ndiyo imasokoneza ogula kwambiri, chifukwa mawu akuti "yosesa ndi kukolopa" amalembedwa pa makina osiyana kutalitali. Otchipa amangokhala ndi kathanki ka madzi ndi kansalu komata kunsi, komwe kamakwekwerezedwa pansi kakudontheredwa madzi. Taganizirani munthu wokolopa nyumba yonse ndi chikolopa chimodzi, osachiviika m'ndowa ngakhale kamodzi, osachifinya, osatsindika ndi dzanja: chipinda choyamba chiyera, chachitatu angopakamo litsiro lochokera koyambako. Umo ndi mmene kansalu kameneka kamagwirira ntchito. Pofuna kukonza zimenezi, Roborock mu 2021 inatulutsa S7 ya nsalu yonjenjemera mofulumira kuti izikwecha, ndipo makampani ena anaika nsalu ziwiri zozungulira zotsindikira pansi, zomwe pakapita kanthawi loboti imabwerera nazo ku siteshoni kukachapidwa. Mtundu waposachedwa ndi wa chikolopa cha mpukutu, chomwe pozungulira chimathiridwa madzi oyera kwinaku kachopalira kakukanda madzi akuda n'kuwatumiza m'thanki ina. Umenewu ndi umene umachotsadi litsiro pansi m'malo molimwaza, ndipo pa tiyi wotayika kapena mapazi amatope pa matailosi umaposa inayo. Malipiro ake ndi akuti mumakhala ndi thanki inanso ya madzi akuda yoti muzitsuka.

Ngakhale zili choncho, palibe loboti imene imakolopa mofanana ndi munthu woti wawerama n'kutsindika. Mafuta oumira pafupi ndi chitofu, phala lomwe mwana anataya dzulo, matope a m'dzinja olowa ndi nsapato n'kuuma gwa, zonsezi zimafunabe dzanja. Ntchito ya loboti ndi kusunga poyera kale kuti pasade, pochotsa kafumbi kopyapyala kamene kamatera tsiku lililonse. Ndiye funso n'lakuti, kodi pansi panupo pamafuna madzi? Matailosi amawafuna, ndipo nyumba ya matailosi okhaokha, monga mafulati ambiri a ku Johannesburg ndi nyumba zatsopano za ku Lilongwe ndi Blantyre, ndi mmene loboti yokolopa imabweza ndalama zake. Simenti yopaka polishi wofiira ndi nkhani ina. Kuwala kwake kumachokera ku phula lomwe limapakidwa n'kukwechedwa pouma. Nsalu yonyowa yodutsapo tsiku ndi tsiku imalizimitsa, ndipo imatenga kufiirako n'kukakupaka pa matailosi oyera a kukhitchini. M'nyumba yotere kugula yongosesa ndiye nzeru. Pansi pa matabwa kapena laminate pamaopa madzi olowa m'mipata, omwe amatupitsa m'mphepete, choncho pamafunika loboti yolola kuchepetsa madzi chipinda ndi chipinda. Ndipo kumene fumbi ndi lambiri, sankhani makina oti mungawauze ayambe asesa nyumba yonse kenaka akolope, chifukwa fumbi la katondo likakumana ndi nsalu yonyowa limasanduka timatope topyapyala tomwe timauma n'kusiya mizere.

Kapeti imatembenuza nkhani yonse. Abale athu ambiri okhala ku Manchester, Leeds kapena Glasgow amachita lendi nyumba zoyalidwa kapeti khoma ndi khoma, kupatula khitchini ndi bafa, zipinda zogona zili pamwamba. M'nyumba yotere kulipirira chikolopa ndi siteshoni yochapa n'kutaya ndalama. Zofunika ndi burashi yabwino, makamaka ziwiri za mphira zozungulira moyang'anizana, ndi mphamvu yokoka ija. Komanso loboti wamba sikwera masitepe a nyumba yosanja. Muziinyamula nokha, choncho onetsetsani kuti imasunga mapu a pansi ndi a pamwamba, ndipo masitepe enieniwo adzafunabe makina a m'manja. Nyumba zosakaniza, apa matailosi apo kapeti, zimafuna loboti yodziwa kukweza chikolopa ikafika pa kapeti. S7 ija inkakweza mamilimita 5 okha, okwanira pa kapeti yopyapyala basi. Ambiri a lero amakweza pafupifupi sentimita imodzi, Roomba Combo j7+ ya mu 2022 imachotsa nsaluyo pansi n'kuiika pamsana, ndipo ena amasiya zikolopa ku siteshoni akamapita kukasesa kapeti. Pali tinthu tiwiri tomwe timaiwalika. Kapeti yakuda bii imapusitsa timaso takunsi toteteza loboti kuti isagwe pa masitepe: kuwala komwe timaponya sikubwerera, loboti n'kuyesa phompho, n'kukana kukwerapo. Ndipo kakapeti kopepuka ka mphonje, mkeka kapena mphasa, loboti imazikankha, kuzikwinya kapena kumeza mphonjezo, kotero zimafuna kupindidwa isanayambe.

Kupinda mphasa kukutifikitsa pa ntchito imene otsatsa saitchula, yolambulira loboti njira. LiDAR imaona makoma ndi miyendo ya mipando, koma kuwala kwake kumadutsa pamwamba pa chingwe cha tchaja, sokosi, patapata kapena kachidole ka mwana. Loboti imazikwera, kuzikulunga pa burashi, n'kuima ikulira mwiniwake ali kuntchito. Pakhomo pa anthu akuluakulu osunga zinthu m'malo mwake ili si vuto. Kuzungulira kamodzi kutola zapansi n'kokwanira, ndipo ndalama ya kamera ingasungike. Pakhomo pa ana aang'ono kapena kagalu kosaphunzira ndi vuto lalikulu, ndipo choipitsitsa ndi chimbudzi cha chiweto, chomwe loboti yosaona imachiponda n'kuchipaka nyumba yonse. N'chifukwa chake iRobot, potulutsa Roomba j7 mu 2021, yokhala ndi kamera yakutsogolo yozindikira zinthu, inalonjeza kusinthira wogula loboti ina ikadzaponda zoterezi. Lero maloboti okwera mtengo ali ndi kamera kapena timaso ta kuwala kutsogolo, ndipo mu 2025 Roborock inaonetsa Saros Z70, ya kadzanja kotola masokosi. Kadzanjako n'kosangalatsa kukaona, koma sindikuona nyumba imene ikukafunadi. Kamera yozemba zingwe ndiyo ili ndi ntchito, ngakhale nayo imaphonya zingwe zopyapyala, ndipo poopa kugunda zinthu imasiya fumbi m'mbali mwake.

Komatu kamera yoyenda m'chipinda chogona, yolumikizidwa ku intaneti, si chinthu chongochilowetsa m'nyumba osaganiza. Mu Disembala 2022 magazini ya MIT Technology Review inaulula kuti zithunzi zojambulidwa ndi maloboti oyeserera a Roomba j7, chimodzi cha mayi ali m'chimbudzi, zinapezeka m'magulu a pa intaneti zitaikidwa ndi aganyu a ku Venezuela omwe ankalemba maina a zinthu za m'zithunzizo pophunzitsa makinawo. Kampani ya iRobot inati maloboti amenewo sanali ogulitsa, anali operekedwa kwa anthu ovomera kujambulidwa. Ngakhale ndi tero, nkhaniyi inaonetsa kutalika kwa ulendo umene chithunzi cha m'nyumba mwa munthu chingayende. Mu 2024 nyumba youlutsa mawu ya ABC ya ku Australia inafalitsa nkhani ya eni maloboti a Ecovacs Deebot X2 ku America, omwe makina awo analandidwa ndi atsizinamtole a pa intaneti n'kuyamba kutukwana kudzera pa sipika. Sindikuti kamera ipewedwe zivute zitani. Ndikuti ili ndi mtengo wachiwiri wosalembedwa pa lisiti, ndipo amene pansi pake palibe zidole kapena ziweto alibe chifukwa choulipirira. LiDAR payokha imadziwa mmene zipinda zilili, koma siona nkhope ya munthu.

Wina anganene kuti zonsezi n'kudzivutitsa, amene ndalama ali nazo angogula yapamwamba kwambiri, yokhala ndi chilichonse, nkhani ithe. Mfundoyi ili ndi mbali yoona, pakuti makina apamwamba amasesa, amakolopa, amachapa zikolopa ndi madzi otentha n'kuziumitsa ndi mpweya wofunda, ndipo ena, monga Dreame X50 ya mu 2025, ali ndi timiyendo todzinyamulira pa kasitepe kotalikirapo. Koma zambiri mwa izi zimadalira siteshoni, ndipo siteshoni imadalira magetsi osazimazima. Potchajira wamba pamadya magetsi ochepa, oti invata yaing'ono kapena sola ya pakhomo imakwanitsa. Siteshoni yaikulu ikamakoka zinyalala kapena kutenthetsa madzi imafuna mawati mazanamazana, ina kufika cha m'ma 1,000, ngakhale kwa kanthawi kochepa, ndipo kuumitsa zikolopa kumatenga maola 2 kapena kuposa. Magetsi akazima pakati pa ntchitoyi zikolopa zimagona zonyowa, pofika mawa zili kununkha chuku, ndipo fungolo loboti idzalipaka m'nyumba monse. Maloboti ambiri amalunjika pa siteshoni potsata kuwala kosaoneka ndi maso komwe iyo imatulutsa, moti ikakhala yozima amasokonezeka pafupi nayo mpaka batire kutha. Onjezanipo madzi a pamjigo okhala ndi mchere, omwe amatseka timapaipi ta mkati, ndi lamulo la opanga loletsa kuthira sopo wamba kapena Jik m'thanki. Kumene magetsi ndi madzi n'zodalirika, makina amenewa ndi mpumulo weniweni. Kumene magetsi amagawidwa mosinthana, monga zakhala zikuchitikira ku Malawi, Zambia ndi South Africa, loboti ya LiDAR ya potchajira wamba, yomwe nsalu yake mumachapa nokha pampopi n'kuyanika padzuwa, ndi imene idzakutumikirani mokhulupirika.

Poti makinawa ambiri amafika kwathu kuno m'masutikesi a achibale kapena poitanitsa kunja, za mphamvu ya magetsi n'zofunika kuzinena mosabisa. Magetsi a m'nyumba ku America ndi a 120V, pamene a ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain ndi a 230V. Matchaja ang'onoang'ono ambiri amalandira zonse ziwiri, ndipo kunsi kwake amalembedwa 100–240V. Masiteshoni okhala ndi mota yokoka zinyalala kapena chotenthetsera madzi kawirikawiri amapangidwira mphamvu imodzi yokha, ndipo yogulidwa ku America ikalowetsedwa pa soketi ya ku Zomba ingapse pomwepo. Ka adaputa kosintha mano a pulagi sikasintha mphamvu. Yogula ku Britain imalowa pa soketi ya ku Malawi popanda chosintha, popeza pulagi ya mano atatu amakona ndi imodzimodzi, ndipo ya ku South Africa yasiyana pulagi yokha. Maloboti ena opangidwira msika wa ku China wokha amakana kulumikizana ndi pulogalamu ya pafoni akakhala kunja kwa dzikolo. Ambirinso amagwira Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, ndipo popanda Wi-Fi yokhazikika m'nyumba, mapu, malire ndi ndandanda ya nthawi zomwe mwalipirazo simungazigwiritse ntchito mokwanira.

Chitsutso champhamvu koposa chimachokera mbali ina. Tsache ndi chikolopa zasamala makomo athu mibadwomibadwo, mtengo wake ngwochepa, sizifuna magetsi, ndipo ndalama ya loboti imodzi yabwino ingalipire wothandiza pakhomo kwa miyezi yambiri, munthu amene amasesanso pabwalo, kuchapa ndi kuphika, amenenso malipiro ake amadyetsa banja. Izi n'zoona ndipo sindikufuna kuzipeputsa. M'nyumba yozira, ya simenti yong'ambikang'ambika, kapena ya zipinda zodzaza katundu mpaka kusowa podutsa, loboti ilibe gawo, ndipo wogulitsa wonena zina akungofuna ndalama zanu. Pakhomo pomwe pali manja okwanira kugawana ntchito, kugula loboti n'kufuna chabe. Ndipo woganiza zochotsa wantchito chifukwa cha makinawa adzagwira fuwa lamoto, popeza loboti sipukuta mawindo, sisesa pabwalo, sifika bwino m'makona chifukwa cha kuzungulira kwake, ndipo iyo yomwe imafuna woisamala. Kumene kuli wantchito ndi loboti pamodzi, monga m'nyumba zina za ku South Africa komwe abale athu ambiri amagwira ntchito zapakhomo, wantchitoyo ndi amene adzakhuthule kabokosi, kuchapa nsalu ndi kumasula burashi. N'koyenera kuti afunsidwe posankha ndipo aonetsedwe bwino kasamalidwe kake, chifukwa pansi pa nyumbayo amapadziwa kuposa bwana.

Komabe alipo makomo omwe tsache lilipo koma wolinyamula palibe: agogo okhala okha m'tauni, msana ndi mawondo zikuwawa, munthu woyendera chikuku, namwino kapena wosamala okalamba ku Britain, yemwe amagwira maola 12 n'kufika kunyumba ali wolefuka, kudziko komwe kulemba wantchito n'kodula kwambiri, banja la mwana wa mphumu, yemwe tsache limamuutsira fumbi m'mwamba pamene makina amalikokera m'sefa. Anthu amenewanso zosowa zawo n'zosiyana. Agogo ovutika kuwerama apindula kwambiri ndi siteshoni yodzikhuthulira kusiyana ndi chikolopa chapamwamba, chifukwa kutola kabokosi pansi tsiku ndi tsiku ndi ntchito yomwe akuithawayo, ndipo thanki ya malita 3 kapena 4 yodzaza madzi ndi katundu kwa iwo. Afunanso makina a batani looneka bwino, osadalira foni, ndipo aziyenda pa nthawi yodziwika kuti asadzawapunthwitse m'kolido. A mwana wa mphumu asankhe ya thumba lodzitseka pochotsa, osati yokhuthulira m'bini fumbi likuulukira kumaso. Wogwira ntchito usiku n'kugona masana afunse za phokoso, makamaka la siteshoni pokhuthula, lomwe ndi lalikulu ngakhale limatha m'masekondi ochepa, ndipo aone ngati pulogalamu imalola kuletsa kukhuthulako pa maola ogona.

Chimene chimapha maloboti ambiri asanakalambe ndi kusowa kwa masipeya. Sefa imafuna kusinthidwa pakapita miyezi ingapo, kaburashi ka m'mbali kamapindika, nsalu zimatha, matumba amadzaza, ndipo batire la lithium limayamba kufooka pakatha zaka zochepa. Loboti ya dzina losadziwika, yotchipa pa intaneti, ikatha kasefa kake kamodzi kaja ndiye kuti yatha yonse. Musanalipire, fufuzani ngati sefa, burashi ndi batire za mtundu umenewo zikupezeka kumene mungafike, ndipo ngati mukuitanitsa kunja itanitsirani limodzi zokwanira chaka, popeza kutumiza kasefa pakokha kumadula kuposa kasefako. Dzina lalikulu nalo si chitsimikizo. Neato, yomwe inabweretsa LiDAR m'makinawa, inatsekedwa mu 2023. Amazon inagwirizana zogula iRobot mu 2022 pa madola 1.7 biliyoni, koma inasiya mu Januwale 2024 zitaoneka kuti bungwe la European Commission silivomereza, ndipo iRobot inachotsa antchito ambiri nthawi yomweyo. Izi zimakhudza wogula chifukwa zambiri zomwe mumalamula pafoni zimadutsa pa makompyuta a kampani, ndipo kampani ikagwa pulogalamuyo ingaleke kugwira ntchito makina akadali abwinobwino. Choncho ngati mukugula pamaso, pemphani wogulitsa azimitse Wi-Fi, mudine batani la pamsana pa loboti, muone ngati isesa n'kubwerera yokha potchajira. Muitembenuzenso, muone ngati chivindikiro cha batire chimatsekuka pomasula masikuruwu wamba, kuti likadzafooka amisiri okonza mafoni ndi mawailesi a kumsika adzathe kulisintha.